Misomali ya m'botolo la nimu

Loweruka, kumapeto kwa Okutobala. Ndadzuka ndi mtima wopweteka, chifukwa mabotolo anga kulibenso pansi pa bedi.

Kuno ku Kachulu chitsulo sichikalamba. Madzi a Chilwa ali ndi kamchere, ndiye misomali ya mabwato imadyedwa ndi dzimbiri msanga. Mwezi watha aphunzitsi athu a sayansi anatiuza kuti madzi a masamba ena amamatirira pachitsulo n'kuchedwetsa dzimbiri, osapha nsomba. Anati amene asonyeze bwino zimenezi adzapita kumpikisano ku Zomba. Ine ku Zomba ndinapitako kamodzi kokha, kukazulitsa dzino.

Ndinawiritsa masamba a nimu, a papaya ndi a chammwamba, paokhapaokha. Ndinathira m'mabotolo a madzi a m'nyanja n'kuponyamo misomali yatsopano. Botolo limodzi linali la madzi okha. Ndinawabisa pansi pa bedi poopa bambo, amene akangoona nimu amamwa, ati wa malungo.

Lachinayi amayi a mvano anabwera kudzapempherera mayi anga, amene akuvutika ndi mwendo. Ine ndinali kusukulu. Mayi wina pogwada anasuzumira pansi pa bedi. Pemphero linathera pomwepo, opanda ameni.

Pobwera ndinapeza mabotolo ali pakati pa bwalo, anthu atawazungulira chapatali. Anali ataitanitsa mkulu wa mpingo, bambo wa mabwato ambiri kudoko.

"Mwanawe, wakupatsa ndani zimenezi?" anafunsa.

"Ndapanga ndekha, bambo. Ndi sayansi."

"Sayansi ya misomali ndi zitsamba!" anatero mayi wosuzumira uja. "N'chifukwa chake mwendo wa mayi akowa ukubaya ngati msomali."

"Anzanga, mwendowu ndinagwa panjinga, inu munalipo," mayi anga anayankha. Palibe anawamva.

Ndinanyamula mabotolo awiri kuti ndiwafotokozere. Msomali wa m'madzi okha unali utafiira, pomwe wa mu nimu unali ukuwalabe. Ndinasangalala kwambiri, chifukwa ndinali ndisanawayang'ane pa dzuwa.

"Mwaona? Zikugwira ntchito!" ndinatero.

"Wavomera yekha!" anakuwa amayi aja, akubwerera m'mbuyo.

Mkulu wa mpingo yekha ndi amene anasendera pafupi, nayang'anitsitsa msomali wowalawo. Kenaka anati akatentha zonse kwawo. Anaika mabotolo m'thumba, amayi akuimba nyimbo yothamangitsa mdierekezi mpaka kumsewu.

Dzulo pochokera kusukulu mkulu wa mpingo uja anandiimitsa panjira ya kudoko, maso akuponya uku ndi uku.

"Mwanawe, masamba aja umasinja kapena umawiritsa?"

"Ndimawiritsa, bambo."

"Nanga pothira umanena mawu anji?"

"Palibe mawu."

"Usandimane, ndine mnzawo wa bambo ako. Bwato langa lalikulu lija misomali yatha, likulowa madzi."

Ndinawauza zoona, kuti za pabwato sindinayesepo, ine ndikudziwa za m'botolo. Anagwedeza mutu ngati amene akuti asing'anga onse amayamba choncho.

"Kodi munatentha?" ndinafunsa.

"Galasi limapsa ngati? Ali m'khola la mbuzi. Akunyumba sakudziwa."

Aphunzitsi adzaona ntchito zathu Lolemba. Kuyambanso sindingathe, pakuti dzimbiri silifulumira chifukwa choti munthu ali ndi changu. Kupita ndekha kukhola la eni ake sindingathenso, anganene kuti ndayamba kutsirika ndi mbuzi zomwe.

Ndiye ndaganiza chonchi. Mawa tikatuluka m'tchalitchi ndikawagwadira mwaulemu n'kuwanong'oneza kuti masamba ndiwawiritsira, bola mabotolo anga akawatule okha kwa aphunzitsi Lolemba m'mawa, osawakhutchumula. Akakana, funso lawo la mawu aja ndikawayankha pomwepo mokweza, akazi awo ali pambali.