Dzanja Losafika Pakhutu

Atate anaphunzitsa zaka zambiri pasukulu ya chipinda chimodzi kumudzi, kum'mawa kwa dziko lino. Atapuma pantchito n'kudzakhala nafe mumzinda, ku komboni ya Chawama, mpingo wathu unawapatsa kachipinda kuseri kwa tchalitchi, ndipo anakakonza kuti kafanane ndi sukulu yawo ija. Munali mabenchi anayi ofulatirana, kuti ana aang'ono azipenya khoma lina, okulirapo lina; masileti obenthuka m'mphepete; ndi chitsulo cha pulawo chopachikidwa pawaya m'malo mwa belu. Loweruka lililonse ankatsegula chitseko kuti anthu adzaone mmene makolo awo ankaphunzirira.

Kenaka zinafika zaka zimene mafakitale ankagulitsidwa. Amuna ambiri a mumpingo anachotsedwa ntchito, ndipo chipinda chilichonse chokhala ndi loko chinayamba kusiririka. Amayi ogulitsa salaula, zovala zovalidwa kale zija, anapempha kachipindako kuti azisungiramo mabelo awo. Akulu a mpingo anaitana atate kuti Lamulungu masana akafotokoze chifukwa chake sayenera kuchotsedwamo.

Ine ndinali nditangolandira dipuloma ya uphunzitsi, ndipo ndinkakhulupirira kuti mfundo zosanjidwa bwino sizigonja. Ndinazilemba papepala, iliyonse ndi chifukwa chake. Zonsezo zinatsamira pa ganizo limodzi limene sindinalifufuze, lakuti munthu aliyense wachikulire amakumbukira sukulu ya kumudzi mwachikondi.

Msonkhano unachitikira m'kachipinda momwemo. Akulu anapanikizana pamabenchi, mawondo atafika pachifuwa. Tcheyamani wawo, bambo wojintcha amene anali mlonda pafakitale ina mpaka inatsekedwa, anakana kukhala. Anaima pakhomo, manja kumbuyo.

Atate ataona nkhope zili zolimba, anaganiza zoyamba ndi kuseketsa anthu. Anafotokoza kuti kalelo kunalibe zikalata za kubadwa, choncho mphunzitsi ankauza mwana kuti adutsitse dzanja lamanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu lakumanzere. Likafika, mwanayo ankalembedwa. Likapanda kufika, ankauzidwa kuti abwere chaka chamawa.

"Tiyeni, akuluakulu," anatero atate, "tione amene wakwanira kuyamba sukulu."

Awiri atatu anayesa, ena n'kuseka. Mkulu wina wanthabwala anatembenukira pakhomo. "Ba tcheyamani, naimwe yesani. Olo dzanja ni ifupi?"

Tcheyamani sanaseke. "Ine ninayesa kudala, ba ticha," anatero, akuyang'ana atate. "Kawili. Ninali kamwana kang'ono, kunyumba kunali njala. Ba ticha ba kwathu banati nibwele chaka chamawa. Chaka chachitatu batate bananitenga ku mafamu ya fodya. Manje mufuna nisunge chipinda chokumbukila vamene vinanipilikitsa?"

Pepala langa linali m'manja, koma nditaliyang'ana sindinapezemo mfundo yoyankha zimenezi.

"Sitinkachita mwankhanza, atcheyamani," atate anayankha motsitsa mawu. "Chipinda chinali chimodzi, ana anali ochuluka."

"Na lelo chipinda ni chimodzi, ba ticha. Bazimai bafuna posungila mabelo kuti bana badye."

Tcheyamani atapempha kuti ofuna kuti atate atsale aimike manja, anaimika ndi wanthabwala uja yekha, ndipo posakhalitsa anatsitsa. Akuluwo anatipatsa mpaka Lachisanu kuti tichotsemo katundu.

Ndakhala ndikuilingalira nkhaniyi kwa zaka zambiri. Umphawi wa nthawi imeneyo ndiwo unabweretsa pempho la amayi aja, koma sindikhulupirira kuti ndiwo unagamula mlandu. Pambuyo pake ndinamva kuti ambiri mwa akulu aja sanapondepo m'kalasi. Kachipinda kathu kankasunga mbiri ya ana amene analowa, pamene oweruza ake anali ana amene anatsala panja. Ife ophunzira sitinaone zimenezi, chifukwa Loweruka ankabwera okhawo amene anali ndi chokumbukira.

Pobwerera kunyumba tinayenda m'mbali mwa ngalande. Tili pafupi kufika ndinati, "Atate, tikadandaule kwa abusa. Iwo angathe kusintha chigamulochi." Ndinkadziwa kuti abusa ankawalemekeza ndipo akanawamvera.

"Ndinabweza ambiri, mwanawe," anatero atate. "Onse ndinkawauza kuti abwere chaka chamawa. Sindinafunsepo kumene anapita amene sanabwere."

Kwa abusa anakana kupita. Lachinayi tinabwereka wilibala n'kututa katundu, ndipo kiyi atate anakapereka okha kwa amayi a salaula.