Juni Wopanda Mwanaima

A Twalibu anabadwira ku Kalingalinga, ndipo ntchito yokhoma mbaula anaiphunzirira komweko. Bambo awo anali telala wochokera ku Namwera, ku Malawi, amene anabwera mu Lusaka akadali mnyamata. Mwana wawoyu singano sanaikonde. Ankakonda kulira kwa nyundo, moti atangosiya sukulu anakadziphatika kwa amisiri a m'mbali mwa msewu, kumawagwirira malata, mpaka nawo anapeza pawo pokhomera, pakati pa ogulitsa zitseko ndi owotcherera mageti.

Anali munthu wa mawu ochepa. Ku Namwerako anapitako kamodzi kokha, kumaliro a azakhali awo, ndipo n'komwe anaonera Mwanaima akutunga madzi a anthu a pamaliro. Chaka chotsatira anamutenga kubwera naye ku Lusaka. Anabereka mwana mmodzi, Nusra, ndipo anakhala zaka zambiri m'nyumba ya zipinda ziwiri yomwe bambo awo anasiya.

M'zaka zonsezo a Twalibu sanadziwe kuti chisanu amachikonzekera. Mwezi wa Meyi ndi umene malonda a mbaula amatentha, choncho iwo ankachoka mbandakucha n'kubwera dzuwa litalowa, manja ali bii. Akafika ankapeza mabulangeti atachapidwa, matumba a makala atasanjidwa kuseri kwa chitseko, mfutso uli m'chidebe, ndipo mphepo yomwe inkawawaula panja m'nyumbamo simkamveka. Ankangoti nyumba yawo ndi yofunda mwachibadwa.

Kenako kunabwera uthenga woti amayi ake a Mwanaima agwa pakhomo ndipo afa mbali imodzi. Kumudziko kunalibe wowasamala. Mwanaima ananyamuka mu Ogasiti, akunena kuti abwera ndi mvula yoyamba. Mvula inagwa, chimanga chinakula, anthu anakolola, iye osabwera. Ankayankhulana pafoni, koma a Twalibu foni inkawamanga lilime. Akafunsa za odwala ndi za mvula, mawu ankawathera, n'kumangomvetsera nkhuku zikulira kumbuyo kwa mkazi wawo.

Kumayambiriro kwa Meyi, Nusra anabwera kuntchito kwawo. Anali woyembekezera mwana woyamba, ndipo mwamuna wake Mahdi anali atapeza ntchito yoyendetsa galimoto ku Solwezi.

"Baba, ndikufuna ndidzachirire kunyumba," anatero Nusra. "Ku komboni ya George ndili ndekha. Akuti ndi mu Juni."

A Twalibu anaika nyundo pansi. Anavomera msangamsanga, koma madzulo ake atalowa m'nyumba anaiyang'ana ngati mlendo. Pakati pa khoma ndi malata panali mipata yolowa dzanja. Pansi pa chitseko pankadutsa fumbi. Zenera la kuchipinda linali losweka pangodya. Apa m'pamene anazindikira kuti nyumbayo sinali yofunda yokha.

Moyandikana nawo munkakhala bana Kasoma, mayi wa ku Kasama wogulitsa mbatata ndi tomato, amene anali mnzake wa Mwanaima wa ponda apa n'pondepo. Iwo atamva nkhaniyo analowa m'nyumbamo osadikira kuitanidwa, manja ali m'chiuno.

"Ba Twalibu, mwana wa lelo angagone muno? Muzatipaila mwana na mpepo! Bamake Nusra benze kuyamba mu Epulo vinthu ivi. Imwe munali kuti?"

"Ndinali kuntchito," anayankha motsitsa.

"Manje mverani. Malasha gulani lelo, pang'ono pang'ono, mutengo ukalibe kukwela. Masaka yakale musataye. Makatoni pemphani ku mashopu."

Anachita zomwe anauzidwa. Tsiku lililonse akaweruka ankabwera ndi kanthu: kathumba ka makala, makatoni opindidwa omwe mwini golosale wina anawapatsa posinthana ndi mbaula yaing'ono, mapepala a matumba a simenti ochokera kwa oumba mabuloko. Anakhoma timitengo m'chipinda n'kuyalapo makatoni kuti akhale ngati siling'i. Anadula chubu chakale cha galimoto n'kuchikhomera kunsi kwa chitseko. Pazenera anamatapo pulasitiki. Makatoni otsala anawayala pansi pa matiresi. Masaka anawapotokola n'kuwatsendera m'mipata yonse ya pansi pa malata, osasiya ngakhale umodzi.

Loweruka lina bana Kasoma anawaperekeza ku salaula, kumene amagulitsa zovala zakaunjika. A Twalibu anali asanavundukulepo mulu wa zovala chibadwire. Anatola kajekete kofiira kokongola, bana Kasoma n'kuseka mpaka kugwira m'mimba.

"Aka ni ka mwana wa giledi wanu! Tifuna tuvisote, tumasokosi, na ka bulangeti kofewa. Lekani nisankhe ine."

Zovala zawo zofunda anazipeza m'sutikesi pansi pa bedi. Atatsegula anaona majuzi atapindidwa bwinobwino monga Mwanaima anawasiyira, lawo lili pamwamba, lake lobiriwira lili pansi. Chigongono cha juzi lawo chinali chosokedwa ndi ulusi wosiyana mtundu, ndipo iwo sankakumbuka n'komwe kuti linang'ambikapo. Anakhala pansi pomwepo, juzi lobiriwiralo lili pamiyendo, mpaka adhana ya kumzikiti inawadzutsa.

Tsiku limenelo anaimba foni okha, ndipo kwa nthawi yoyamba anali ndi zonena. Anafotokoza za makatoni, za chubu, za masaka.

"Mwatseka paliponse?" anafunsa Mwanaima.

"Paliponse. Ngakhale nyerere singalowe."

"Ndi pamwamba pa chitseko pomwe?"

"Pomwepo ndiye panali mpata waukulu."

"Bambo a Nusra, inu okhoma mbaula! Pamenepo sinditsekapo ine. Mukalowetsa moto m'nyumba mpweya wa makala uzitulukira kuti? Kachotseni pompano, ndili pafoni pano. Ndipo mbaula izigona panja, mwamva?"

Anakwera pampando foni ili kukhutu, nasolola sakalo. Mwanaima anamva kukhwekhwereza kwake ndipo anaseka. Kuseka kumeneko anali asanakumve chichokereni iye, moti anakhalabe chiimire pampandopo, sakalo lili m'manja, kufuna kuti kusathe.

Mwana anabadwa pakati pa Juni, m'sabata imene kunazizira mpaka madzi a m'ndowa ankaluma zala. Anali wamkazi, ndipo anamutcha Firdaus. Zomwe akanachita agogo ake aakazi anazichita bana Kasoma: kumusambitsa, kumuphikira Nusra phala, kumuphunzitsa kuyamwitsa. A Twalibu ntchito yawo inali moto. Ankakoleza mbaula panja, kudikira kuti makala afiire utsi uthe, kenako n'kuilowetsa kuti chipinda chifunde mwana asanavulidwe. Matewera ankawayanika padzuwa masana, n'kuwafunditsa pamoto madzulo.

Nusra ankamuonetsa mwanayo kwa amayi ake pafoni ya kanema. Mwanaima ankayandikitsa nkhope mpaka kungooneka diso ndi mpango, akumuyankhula mdzukulu wake m'Chiyao. Kawirikawiri netiweki inkaduka ali pakati pa mawu, nkhope yake n'kuuma pagalasi kukamwa kuli kotsegula. A Twalibu ankapempha foniyo n'kumaiyang'anabe mpaka izime yokha.

Chakumapeto kwa Julayi, mng'ono wake wa Mwanaima anachoka ku Blantyre kukakhala ndi odwala kwa kanthawi. Mwanaima anakwera basi. A Twalibu anakamulandira ku siteshoni ya mabasi ya Intercity atavala mkanjo wawo wa Lachisanu, ngakhale linali Lachiwiri. Mwanaima anatsika ataonda, atanyamula kathumba ka mpunga ndi nandolo. Anagwirana chanza nthawi yaitali pakati pa anthu okankhana.

Atafika kunyumba anayamba wanyamula mwana, kumununkhiza m'khosi, kulira pang'ono. Kenako anayendera nyumba. Anayang'ana siling'i ya makatoni yomwe inali itapendekeka mbali imodzi, zilembo za sopo ndi mafuta ophikira zikuwerengeka pamwamba pa bedi.

"Bwenzi mutatembenuza kuti zolembazo ziyang'ane kumwamba," anatero. Anakhudza katoniyo ndi chala. "Koma ine izi sindinaziganizepo. Muno mwafunda."

Masiku amenewo a Twalibu sanapite kuntchito, ngakhale anthu ankafunabe mbaula. Ankakhala pakhonde kuwothera dzuwa, akumuona mkazi wawo akupeta mpunga, akukangana ndi bana Kasoma za kasambitsidwe ka mwana, akusuntha ziwiya kuzibwezera m'malo mwake. M'mawa ankadya limodzi mbatata yootcha ndi tiyi. Iwo ankadziwa kuti wabwera ndi kachikwama kakang'ono, koma sanafunse.

Ananena yekha tsiku lina akuchapa.

"Mng'ono wanga akubwerera kuntchito sabata yamawa. Amayi sakundizindikiranso, amanditchula dzina la malemu achemwali awo. Koma chakudya amalandira cha m'dzanja langa lokha."

"Ndamva," anatero a Twalibu.

"Simukunena kanthu?"

Anayang'ana thovu m'beseni. "Ndinene kuti usapite? Ndi amayi ako. Ungodziwa kuti kuno tsiku limatalika."

Mwanaima anapukuta m'maso ndi mkono, chifukwa manja anali a sopo, napitiriza kuchapa.

Anamuperekeza m'mawa kuli mphepo ya fumbi. Anamugulira mabanzi ndi madzi a panjira, namupatsanso bulangeti limodzi kuti akafunditse apongozi awo. Basi itadzaza, Mwanaima anatsegula zenera n'kuyamba kuwalangiza: makatoni adzawachotse kukayamba kutentha kuopa mphemvu, majuzi adzachapidwe asanasungidwe, Nusra asafulumire kubwerera ku George. Iwo ankangogwedeza mutu, akuyenda m'mbali mwa basiyo mpaka pageti, pomwe mlonda anawabweza.

Sanakwere minibasi. Anayenda wapansi ulendo wonse wobwerera ku Kalingalinga, nafika dzuwa lili pamutu. Anapeza Nusra akusesa pakhomo, mwana ali kumbuyo. Pafupi ndi chitseko panali mapatapata a Mwanaima, limodzi litagona chafufumimba, monga anawavulira povala nsapato za paulendo.

"Amama aiwala mapatapata," anatero Nusra, akuwerama kuti awatole. "Ndiwaike m'sutikesi?"

"Asiye pomwepo," anatero a Twalibu. "Ungosesa mozungulira."