Tiyamike sasiya mpira, a Nkhoma

Lamulungu lapitali, Misa itatha, tinali kumwa tiyi mu holo ya parishi yathu ku Crumlin. A Nkhoma, mkulu amene ndimamulemekeza pakati pa Amalawi kuno ku Dublin, anandikokera pambali. Koma mawu awo sanapite pambali, aliyense anamva.

"Bambo a Tiyamike, mwana wanu ndinamuona m'basi. Kabudula m'ntchafu, mpira kukhwapa. Mtsikana wa ku koleji ameneyo? Nthawi ino anthu ntchito zikuwathera, inu mukumulekerera azidumphadumpha. Adzadya mpirawo?"

Amayi awiri anaseka. Wina anawonjezera kuti mkazi wamtali chotero, wa minofu ngati mwamuna, adzamufunsira ndani.

Ndinangoika kapu pansi n'kunena kuti, "Sasiya, a Nkhoma." Zambiri sindinalankhule chifukwa abambo mfumu anali pafupi. Zotsalazo ndinene pano.

Tiyamike ndi mwana wanga woyamba. Anabwera kuno ali wamng'ono, ndipo pofika ku sekondale anali atatalika kuposa atsikana onse a m'kalasi mwake. Ankayenda mowerama kuti asaoneke. Anzake ankamutcha mtengo wa magetsi. Aphunzitsi a masewera ndi amene anamupatsa mpira wa basiketibolo n'kumuuza kuti aime pansi pa dengu. Pakutha kwa teremu, mwana uja anali akuyenda mutu uli m'mwamba. Ine monga bambo wake ndinali nditalephera kumuwongola msana ndi mawu. Mpira unamuwongola.

Kenako chuma cha dziko lino chinagwa. Chakudza sichiimba ng'oma. Ine ndinkagwira ntchito ya zomangamanga, ndipo tsiku lina tinangouzidwa kuti tisabwerenso. Kusukulu kwa Tiyamike nakonso zinthu zinachepetsedwa, aphunzitsi a masewera aja anachoka, timu inatsala yopanda kochi.

Mukuganiza kuti atsikanawo anabalalika? Ankakumana okha pa bwalo la simenti la kupaki, dengu lake lopanda ukonde, mvula ya kuno ikuwathira. Tiyamike ndiye ankalemba m'kope zochita za tsikulo. Mayi wina wa Chiairishi, kholo la mnzake, anavomera kumasaina mapepala kuti timu isafufutidwe mu ligi ya masukulu.

Apa ndiulule tchimo langa, a Nkhoma, kuti mudziwe kuti mawu anu si achilendo kwa ine. Ndinayamba ndine kuwalankhula.

Nditakhala pakhomo miyezi ingapo, mtima unawawa. Ndinamuuza Tiyamike kuti asiye mpira, apeze ganyu m'shopu Loweruka lililonse. Atakana, ndinatenga nsapato zake zosewerera n'kuzibisa pamwamba pa wadirobu.

Loweruka lotsatira timu yawo inali ndi masewera ku Skerries. Anakwera sitima osandiuza, n'kukasewera ndi nsapato zobwereka, zomuthina. Madzulo ndinamupeza kukhitchini mapazi ali m'beseni, madzi atafiira. Chikhadabo cha chala chachikulu chinali chitazuka.

Mwana ameneyu, monga ana ambiri okulira kuno, ukamulankhula Chichewa amayankha Chingerezi. Tsiku limenelo anandiyang'ana n'kulankhula Chichewa, chopindika koma chomveka.

"Adadi, inu ntchito anakulandani. Zinakuwawani. Nanga ine mukundilandiranji mpira?"

Ndinakwera pampando n'kutsitsa nsapato zija.

Chaka chake chomaliza ku sekondale, timu yopanda kochi ija inafika patali kuposa matimu onse amene sukuluyo inakhalapo nawo m'nthawi yake. Chikho sanatenge. Anagonja, analira, m'mawa mwake n'kuyamba kuwerengera mayeso. Ndipo anakhoza. Amene amati mpira umapha sukulu, andiuze kuti mwana amene amadzuka yekha mbandakucha kukathamanga angalephere bwanji kudzuka kuti awerenge?

Ku koleji sizinali zophweka. Chaka choyamba ankangotenthetsa benchi, chifukwa anapezako atsikana othamanga kuposa iye. Chaka chachiwiri, atangoyamba kulowa m'bwalo, bondo linaphwanyika mkati. Anapangidwa opaleshoni, anayendera ndodo nyengo yonse yozizira. Amayi ake anamuuza kuti mwina Mulungu akuti basi.

"Ayi amayi," anatero. "Bondo ndiye lati ndidikire."

Chaka chino wabwerera. Anzake amusankha kukhala kaputeni, ndipo maphunziro ake ndi othandiza anthu ovulala kuti ayambenso kuyenda. Bondo lake lomwe linamuonetsa ntchito imene akufuna kudzagwira.

Tsono funso lanu, a Nkhoma, loti adzadya mpirawo. Ayi, sadzadya. Kuno atsikana salemera ndi basiketibolo, iyenso amadziwa. Koma kodi zonse zimene timachita n'zodya? Inu mumaimba kwaya Lamulungu lililonse. Munadyapo nyimbo?

Chimandidabwitsa n'chakuti ife tomwe, atsikana a kwathu akamasewera netibolo pa kanema, timakuwa mpaka aneba kugogoda khoma. Timati atsikana athu atiwombola. Koma akakhala mwana wa m'nyumba mwathu, tikuona kabudula, tikuona minofu, tikuwerenga zaka za ukwati. Mnyamata akamathamangitsa mpira wa miyendo timati ali ndi luso. Mtsikana timati wasowa chochita.

Ndipo mavuto a chumawa tawasandutsa chikwapu. Chilichonse chimene mwana wamkazi amakonda timachidula poyamba, ati nthawi ndi yovuta. Nthawi ndi yovutadi. Ine pano ndimalondera maofesi ku Santry, theka lake ndi opanda anthu. Anzanga ambiri anapakira n'kupita ku Mangalande, ena kumudzi. Koma nthawi yovuta ndiyo imafuna kuti mwana akhale ndi chinthu chimodzi chimene palibe angamuuze kuti, "Usabwerenso mawa."

Loweruka lapitali timu yawo inasewera mu holo ina ku Santry komweko. Ndinapempha mnzanga kuti andigwirire ntchito maola awiri. Tiyamike anagwa kawiri, mtima wanga n'kugwa naye, koma anadzuka. Atapambana, makolo a anzake anaimirira n'kumaitana dzina lake, molakwitsa katchulidwe koma ndi mtima wonse. Bambo wina wa imvi anandigwira dzanja n'kundifunsa kuti anthu a kwathu ali kuti, poti ankaganiza kuti tidzaza mbali yonse.

Ndinayang'ana mipando ya kumbuyo kwanga. Mmalawi ndinalipo ndekha.

Paukwati timadzaza holo. Pamaliro timasonkhana mpaka ena kuima panja. Koma mwana wathu ali moyo, akutuluka thukuta pamaso pa dziko la eni, eniakewo akumuombera m'manja, ife tikudikira chiyani kuti tibwere?