Njovu ya m'buku ndi chitini cha aNyadaka

Ndikakumbukira aNyadaka, ndimamva fungo la utsi wa nkhuni zaziwisi umene unakhazikika m'chitenje chawo, ndi fungo la masau oola pansi pa mtengo, kenako khutu limayamba kulira lokha: ngwe! ngwe! ngwe! Chitini chimenecho! Chinali cha palafini, chobonyoka mbali imodzi, ndipo mayi aja sankachisiya, kumunda nacho, kumadzi nacho, ngakhale kutchalitchi chinkakhala pansi pa benchi. Nyumba yawo inayang'anana ndi yathu kwa Mburuma kuno, ndipo njovu zikalowa m'mapira, mudzi wonse unkamvera kwa iwo.

Ine sukulu sindinaipondeko, musandiyang'ane choncho. Atate ati, "Mtsikana alinde mbalame." Sukulu yanga inali Petulo, mlongo wanga. Kusukulu kwawo kunali kabati imodzi ya mabuku, ati laibulale, ndipo Lachisanu mwana ankaloledwa kutenga limodzi kupita nalo kunyumba. Petulo akamawerenga, ine maso pa zithunzi, ndiwo mpaka kupserera.

Tsiku lina anabwera ndi buku la njovu. Mayo ine! Njovu yovala nsalu yofiira, kamnyamata kakuipatsa nthochi padzanja, njovu n'kugwada! Ndinati kani nyamazi timazilakwira ndi zitini, zimafuna ulemu chabe.

Inali nyengo ya masau. Dzuwa litapendeka, njovu zinabwera kumitengo kuseri kwa madimba. Ine kutola masau odzaza dzanja, n'kuyamba kuyenda, dzanja patsogolo, ndikuitana ngati nkhuku: "Bwera, bwera, tenga." Yaikulu inatambasula makutu. Ndinangomva ngwe! ngwe! ngwe! kumbuyo kwanga, aNyadaka andigwira pakhosi ngati kamwana ka mbuzi, miyendo m'mwamba. Mpaka kunyumba sindinaponde pansi.

"Wakutuma ndani?"

"Buku, ambuya."

"Buku? Lili ndi pakamwa? Bwera nalo!"

Ataliona anakhala chete. ANyadaka kukhala chete, ngakhale agalu anadabwa. Amayi anandinong'oneza kuti mwana wa aNyadaka mmodzi yekhayo, Andireya, njovu inamupondera panjira ya kudimba ine ndisanabadwe. Chitini chinayambira pamenepo.

Amayi ati, "Liponyeni pamoto."

ANyadaka ati, "Awe, si langa. Mbuzi ikakudyera chimanga umaikokera kwa mwini wake."

M'mawa mwake analiika m'lichero, lichero pamutu, ulendo wa kusukulu, ife ana m'mbuyo ngati ukwati.

"AHedi! Tulukani muone mfiti imene mukuweta m'kabati!"

AHedi anali bambo woonda, wolankhula ngati akuopa kudzutsa khanda. Ati, "Amayi, dandaulo lanu ndalandira. Bukuli ndilitsekera, mwana saligwiranso mpaka makolo atakhala pansi. Koma lamulo lathu n'lakuti wodandaula alimve lonse, kuyambira kumutu mpaka kumchira."

"Ndimve bodza lonse?"

"Lonse, amayi."

"Chabwino. Koma mundipatse mpando wotsamira."

Loweruka makolo anadzaza m'kalasi. Ine ndili pawindo, chifukwa nkhani inali itakula. Ena ati kabati yonse itenthedwe, ena ati mabuku asamapitenso kumudzi. Manje mabuku akaleka kubwera kunyumba, ine sukulu yanga ndiye yatha.

AHedi akuwerenga, akumasulira. ANyadaka ati, "Bodza!" Tsamba lina. "Bodza lamkunkhuniza!"

AHedi ati, "Iyi ndi njovu ya ku India, amayi. Kumeneko amaziweta."

"Nanga ikufuna chiyani kwa Mburuma? Ili ndi pasipoti?"

Anthu kuseka! Bambo wina wogulitsa nsomba zouma, wa mfunda wa Njovu, anaimirira. "Koma mukutukwana mtundu wanga!"

"Khalani pansi inu! Njovu yanji yothawa kagalu ka aHedi?"

Atafika tsamba lomaliza, aHedi ati kamnyamata kabwerera kwawo pamsana pa njovu, amake akukadikira pakhomo. ANyadaka anatambasula dzanja. "Patseni ndione." Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, chala chili pa mayi uja. Ndiye ati, motsitsa mawu, "Uyu wake anabwera." N'kupukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje.

Kumbuyo wina anakuwa, "Mwaona? Titenthe onse!"

Ngwe! Chitini patebulo!

"Wakutumani ndani? Ine ndabwera ndi mlandu wa buku limodzi. Enawo mwawamva inu? Simunawamve! Onani kamtsikana kali pawindoko." Mitu yonse kwa ine, ndinafuna kulowa pansi. "Kameneko kamadya buku ndi maso chabe, kalibe wokauza kuti ichi n'chakuno, ichi n'chakutali. Mlandu ndi umenewo. Mukatentha kabati, kaziona chiyani? Mbalame?"

Atate anali momwemo. Anawerama ngati ataya singano.

Makolo anagamula kuti buku la njovu silipitanso kumudzi, liziwerengedwa m'kalasi aphunzitsi ali pomwepo kuti afotokoze. Ena onse azipita monga kale. Ndipo mabuku atsopano akabwera, makolo awiri azikhala ndi aphunzitsi kuwaona asanalowe m'kabati. Woyamba kusankhidwa ndani? ANyadaka, osadziwa ngakhale A! Ankagwira buku chadodolido, n'kumati, "Ili lili ndi ng'ona yoseka. Ticha, werengani timve chimene ikusekera."

Lachisanu lotsatira Petulo anabwera ndi buku la sitima zapamadzi. Ndisanatsegule n'komwe, mawu anachokera kutsidya kwa bwalo: "Iwe! Usakalowe mu Zambezi ndi beseni la amako!"

ANyadaka atamwalira, abale awo anagawana miphika ndi mbuzi, chitini palibe anachifuna. Ndinachitenga ine, chili kuseri kwa chitseko changa. Tsiku lina posachedwapa mdzukulu wanga Tisa anabwera kuchokera kusukulu ndi buku la mvuu yovala diresi, ikuvina ndi ana m'madzi. Mvuu! Imene imagudubuza mabwato popita ku Zumbo! Dzanja linafika kale pachitini, phazi limodzi lili panjira ya kusukulu.

Ndiye ndinamva fungo la utsi uja. Ndinabwerera, n'kukoka mpando wotsamira.

"Tisa, khala apa. Werenga lonse, kuyambira kumutu mpaka kumchira. Kukuwa ndikuwa ukamaliza."