Kaboti ka rimoti kanawotcha chimanga cha apongozi

Inu owerenga, ine ndinawotcha nyumba ya apongozi anga pamodzi ndi chimanga cha mbumba yonse chifukwa cha chidole. Sindikudziikira kumbuyo ayi. Ndine munthu wamkulu, bambo wa ana awiri, wokonza mafoni ndi mawailesi pa Lirangwe, ndipo anthu ankanditenga ngati munthu wamutu. Lero ndimagona m'kashopu kanga komweko, pakati pa mawailesi a eni, pomwe mkazi wanga ndi ana ali ku Kuntaja m'nyumba yomwe njerwa zake ndinaumba ndekha. Ndikulemba kuti wina amene manja amamuyabwa ngati ine amve.

Ndinakwatira Esime wa ku Kuntaja, kufupi ndi Chileka, ndipo monga mwa mwambo ndinakakhala kwawo, n'kumayendera ku Lirangwe pa kanjinga kanga kamoto. Amene simunakhalepo pa chikamwini simungazimvetse. Umalima munda wa eni, umafolera nyumba za eni, maliro akagwa ndiwe woyamba kugwira khasu, koma pa nkhani za pamudzi pakamwa pako n'potseka. Apongozi anga aakazi si munthu woipa. Tinkangopewana monga kuyenera, moni wa chapatali, tikakumana m'njira wina n'kupatuka, ndipo m'nyumba mwawo ndinali ndisanapondemo. Munga wanga unali alamu anga a Fesitoni, mlongo wake wa Esime, amenenso ndi mwini mbumba. Iwo amagwira ntchito ya ulonda ku bwalo la ndege, koma kuyankhula kwawo ungaganize kuti ndege zimanyamuka iwo akavomereza. Ine ankanditchula kuti injiniya wa mawailesi akufa. Akatero pagulu anthu ankaseka, Esime naye n'kumaseka nawo atabisa nkhope m'chitenje. Zinkandiwawa, ndisaname.

Kuseri kwa mudziwo kuli kadamu komwe anthu amatunga madzi othirira madimba. Tsiku lina ndinaona pa foni timaboti toyendetsa ndi rimoti, ndipo ndinati ichi ndiye ndingachithe. Ndinalumbira mumtima kuti pa tsiku la anakubala, pomwe mbumba yonse imasonkhana kwa apongozi, ndidzawatengera onse kudamu, a Fesitoni akaone ndi maso awo.

Ndinayamba bwino ndithu. Thupi la boti ndinadula ku chigubu cha mafuta ophikira. Pulopela, kaja kamazungulira m'madzi n'kumakankha boti, ndinadula ku chitini, n'kuimangirira ku sipoko ya njinga yodutsa m'kachubu ka bolopeni kodzaza girisi kuti madzi asalowe. Rimoti ndi kabolodi kake, kaja kamamva rimotiyo n'kuyendetsa mota, ndinachotsa m'kagalimoto ka ana kothyoka matayala komwe ndinagula pa kaunjika. Mota inali yaing'ono, ya m'printa yakufa, ndipo inkakhuta ndi timabatire ta tochi. Nditakayesa kudamu m'mamawa anthu asanafike, kanayenda bwinobwino. Kankakhota kumanja, kumanzere, n'kubwerera pamapazi panga. Koma kankayenda ngati bakha wokhuta, ndipo ndinamva kale kuseka kwa a Fesitoni m'makutu mwanga. Ndikanalekera pomwepo, bwenzi lero ndili pakhomo panga.

Pa Lirangwe pali mnzanga Lakiyoni, wogulitsa zitsulo ndi zamagetsi zakufa, munthu woti akhoza kukugulitsa jekete m'chilimwe iwe n'kuthokoza. Nditamudandaulira, anatulutsa drilo ya batire, ija yoboolera matabwa, yosweka chigoba koma mota yake ili moyo. Atailumikiza ku batire ya njinga yamoto inalira mpaka tebulo kunjenjemera. Anati imeneyi ndiye ya amuna, ya printa ija ndikapatse ana. Ine kumva choncho mutu unakula. Sindinadzifunse kuti chimota choterechi chizidya chiyani, kapena ngati zipangizo zina ndinaika kale zija zingachipirire. Ndinangoona liwiro basi.

Kuyambira pamenepo chilichonse chinkaitana chinzake. Kabolodi ka galimoto ya ana kanapsa ulendo woyamba womwe, n'kutsala kafungo kokha. Ndinasaka kena, n'kuwonjezerapo timaswitchi ta njinga yamoto kuti tizinyamula moto wambiriwo. Pulopela ya chitini inapindika, ndiye ndinasula ina ku masupuni a Esime, iye n'kumawafunafuna m'nyumba monse, kukalipira ana, ine ndili phee. Timabatire ta tochi tinkatha mota isanafunde n'komwe. Batire ya njinga yamoto mphamvu inali nayo koma kulemera, boti linamira nayo mpaka m'khosi. Apa Lakiyoni anabweranso ndi nzeru ina, mabatire a malaputopu akufa. Ukaswa chigoba chake umapezamo timabatire tofanana ndi ta tochi, topepuka koma tamoto kwambiri. Ndinasankha tomwe tinkaoneka tamoyo, kutiwotcherera pamodzi, n'kukulunga ndi tepi yakuda. M'chigobamo mumakhalanso kabolodi koteteza batire kuti isadzaze mopitirira. Ine ndinakataya chifukwa kankadula moto mota ikakoka kwambiri. Ntchito yake ndinkaidziwa bwino lomwe. Izi ndi zomwe zimandiwawa koposa, kuti sindinganene kuti sindinkadziwa.

Loweruka, kutatsala pang'ono kuti tsiku la anakubala lifike, ndinakayesa ndekha. Abale inu, boti lija linathamanga. Linang'amba madzi mphuno ili m'mwamba, achule kumangodumphira kumtunda, ine mtima uli m'malo kuti a Fesitoni aona. Koma chigubu n'chopepuka, ndipo mota inali yoposa msinkhu wake. Nditangoti ndikhotetse, linatembenuzika mimba m'mwamba. Ndinavula nsapato n'kulowa m'matope kukalitenga, koma madzi anali atafika kale m'batire. Ndinaipukuta ndi malaya, kuiyanika pamwala, n'kudzinamiza kuti yauma. Kamodzi mwa timabatireto kanali kotupa pang'ono. Ndinakaona, n'kuyang'ana kumbali, poti chikondwerero chinali Lolemba ndipo nthawi yomanga batire ina panalibe.

Chaja yake yeniyeni ndinalibe. Kushopu ndinkatchaja ndi chaja ya njinga yamoto ine ndili pomwepo, kumaigwiragwira ndi dzanja, ikafunda n'kuchotsa. Koma Lamulungu sindipita ku Lirangwe, ndipo kumudzi magetsi sanafike. Sola yamphamvu pamudzipo inali imodzi yokha, ya padenga pa apongozi, yomwe a Fesitoni anawagulira. Nthambo zake zinkatsikira pa zenera la chipinda chakumbuyo, momwe munali batire yawo yowunikira. M'chipinda momwemo ndi momwe munaunjikidwa matumba a chimanga cha mabanja onse, chathu, cha apongozi ndi cha mng'ono wake wa Esime, chifukwa masiku ano kusunga chimanga m'nkhokwe ya panja n'kupatsa akuba.

Munthu wina akanangopempha. Koma mkamwini amayambira pati kuuza apongozi kuti ndikufuna za m'chipinda mwanu, nditchajire chidole? Ndikanatuma Esime, koma iye akanafunsa zambiri, ndipo nkhani ya masupuni ikanatulukira pomwepo. Komanso ndinkafuna onse adzadabwe pa tsiku lakelo. Choncho Lamulungu m'mawa ndinanamizira m'mimba, onse n'kutsogola kutchalitchi. Ndinazembera kuseri kwa nyumba ya apongozi, kupisa dzanja pa zenera losatsekeka bwino, kuchotsa nthambo za sola pa batire yawo, n'kulumikiza ku yanga mwachindunji popanda chilichonse pakati. Poopa ana a m'mudzi ndinaitsitsira m'kati, n'kuikhazika pamwamba pa thumba. Ndinati ndikangoonekera kutchalitchi pang'ono, ndibwerako ulaliki usanathe. Linali dzuwa la Okutobala lija loswa mtengo.

Nditangokhala pabenchi, zokuzira mawu zinayamba kulira, ndipo akulu a mpingo anandikodola monga mwa nthawi zonse. Ndinagwada kuseri kwa guwa n'kumalimbana ndi nthambo, batire ija n'kundichoka m'mutu. Ulaliki uli m'kati, mayi wina analowa akuthamanga kudzanena kuti kwa apongozi anga kukufuka utsi. Anthu anaganiza za ana osewera ndi machesi. Ine ndekha ndinadziwa, ndipo ndinasiya nthambozo n'kuthamangira komweko.

Tinapeza moto utagwira kale mitengo ya denga. Matumba a masiku ano ndi pulasitiki, amasungunuka n'kumayaka, ndipo ndowa za ku mjigo sizinaphule kanthu. Amuna anathyola chitseko n'kukokera panja matumba ochepa a pafupi. Ena onse anapsa, ndipo chimanga chomwe chinatsala chinkanunkha utsi ndi pulasitiki moti ndi nkhuku zomwe zinkachikana. Mwayi wake munalibe munthu m'nyumbamo. Apongozi anakhala pansi pabwalo ndi yunifolomu yawo ya amayi a mpingo, osalira, akungoyang'ana malata akupindika.

A Fesitoni ndi amene anapeza timabatire topsa tili lende pa nthambo za sola yawo. Sanafunse kuti n'ta yani, poti mudzi wonsewo wa zoterezi ndinali ndekha. Anangondiyang'ana n'kunena motsitsa mawu, "Alamu, ndiye mwatikonzera." Ndikanakonda akanangondimenya.

Tsiku la anakubala lomwe ndinkalidikira lija linasanduka tsiku la mlandu wanga. Ankhoswe anga anabwera kuchokera ku Lirangwe, anapepesa mpaka mawu kusasa. Ine ndinavomera zonse, ndinalonjeza kufoleranso nyumba ndi kubweza chimanga pang'onopang'ono. Koma chomwe chinawapweteka sichinali chimanga chokha. Apongozi anayankhula kudzera mwa a Fesitoni kuti mkamwini wopisa dzanja pa zenera la chipinda chawo iwo ali kutchalitchi sangagonenso naye mudzi umodzi. Ena anayamba kunong'onezana kuti kaboti koyenda kokha popanda munthu sikachabe, n'kokawira chimanga cha anthu mwamatsenga. Onong'onawo ndi omwewo ndakhala ndikuwakonzera mafoni ulere. Palibe anakumbuka kuti chambiri mwa chimanga chopsacho ndinalima ndine, ndi msana wanga uno. Palibe anatchula zaka zomwe ndinagwira khasu m'minda mwawo. Ndinali wolakwa, inde, koma kufufutidwa choncho ngati sindinakhalepo pamudzipo kunandipweteka mpaka lero.

Ndinayang'ana Esime kuti mwina anenepo kanthu. Anali atazolika, akubudulabudula kaudzu ndi zala. A Fesitoni atamufunsa ngati ali ndi mawu, anayankha osadzutsa mutu, "Amayi alibe denga. Ine ndipita kuti?" Sindingamuimbe mlandu, komabe ndinkayembekeza kuti anena limodzi lokha londikomera. Ndinachoka madzulo omwewo, chikwama cha zitsulo ndi zovala zili kumbuyo kwa njinga. Ana ndi a mbumba, ndipo nyumba ili pa dothi la eni.

Lakiyoni nditamufotokozera anapukusa mutu, n'kunena kuti iye anangogulitsa, za kumudzi kwa eni sizimukhudza. Kenako anandifunsa ngati mota ija ikadali moyo, kuti pali wina akuifuna.

Inu owerenga, makamaka inu a manja oyabwa, kupanga zinthu si tchimo. Koma posankha mota muziyang'ana boti lanu, osati nkhope za anthu amene mukufuna kuwaonetsa. Mota yaikulu simabwera yokha. Imafuna batire yake, kabolodi kake, chaja yake, ndipo ngati chimodzi mwa izi mulibe, bwererani ku yaing'ono, muyende pang'onopang'ono. Zotetezera zomwe opanga anaika musamazichotse poti zikukuchedwetsani. Batire ya laputopu ikanyowa kapena kutupa musaitchajenso, ndipo musamaisiye yokha pa nthambo ngakhale mukupita kukapemphera. Inunso akamwini anzanga, manyazi opempha amatha tsiku lomwelo. Akanandiseka, akanandikaniza, n'kupitirira ndi moyo. Ine ndinaopa kuodira pakhomo, n'kusankha zenera.

Denga ndinafoleranso mvula isanagwe, koma ndinachita kutuma akalipentala, poti ine sindiloledwa kufika pa nyumba ya apongozi. Chimanga ndimagula pa msika wa Lirangwe ndikapeza kangachepe, n'kukatula ku Kuntaja. Nthawi zonse ndimapita ndi mtima woti mwina ulendo uno andiuza kuti ndilowe. Mu Januwale wapitayu, njala itafika povuta, ndinapita ndi thumba lathunthu. Esime anatuluka ataonda, n'kundiyalira mphasa panja, pansi pa mtengo wa mango. Anagwada chapatali monga amachitira ndi alendo, n'kufunsa, "Mwayenda bwanji? Nanga kwanu adzuka bwanji?"

Inu owerenga, mkazi wanga weniweni kundifunsa za kwathu. Ndinayankha kuti kwathu onse adzuka bwino, ndinatsitsa thumba, n'kubwerera ku Lirangwe dzuwa likadali pamutu.