Tsiku Limene Munasenda Samusa

Bambo, lero ndaona mayi wina akugulitsa samusa pa depoti ku Lilongwe, ndipo mtima wanga wathamangira kwa inu. Ndakumbukira ulendo wathu uja wokandigulira nsapato nditasankhidwa kupita ku sekondale. Tinanyamuka ku Mvera m'mamawa, inu mutavala jekete lanu la ku tchalitchi, makhadi a chipani ali m'thumba kuopa kubwezedwa pachipata cha msika. Munati, "Nabanda, lero tilawa zonse za m'tauni." Tinadya tchipisi cha pachiwaya, tinalawa mpunga wonunkhira wa mayi wina wachiyao, kenaka pakhonde la sitolo ya amwenye munagula samusa ziwiri. Munavula chipewa n'kupemphera pamsewu pomwepo. Mutati ameni, munayamba kuisenda yanuyo bwinobwino ngati mkate wa nthochi wa kwathu uja wokulunga m'masamba, makoko ake n'kutaya pansi. Anthu anaphulika kuseka. Ine manyazi atandigwira ndinasuntha, n'kumayang'ana kumbali ngati sindikukudziwani.

Munandiona, Bambo, ndikudziwa kuti munandiona. Koma inu, tsabola akukutulutsani misozi, munangoti, "Iwe ndiwe wasukulu, tandiphunzitsa kadyedwe kake." Ine ndinangoyang'anabe kumbali. Zaka zonse zija ndinkangoti ndidzapepesa tsiku lina, mpaka tinakuikani m'manda ndisanatsegule pakamwa. Lero ndagula ziwiri. Imodzi ndadya monga amadyera a m'tauni. Inayo ndaisenda pang'onopang'ono anthu akundiyang'ana, ndipo sindinasunthe.