Nsapato ya a Geofrey

Maliyamu analeredwa ku Namwera, kumene mwana woyang'ana wamkulu m'maso amatchedwa wamwano. Ku Doha, mzinda wakunja kumene anapita kukagwira ntchito, mwambowo unangokhwimirakhwimira. M'nyumba ya ku Al Waab momwe amachapa ndi kusita, maso ake amadziwa matailosi kuposa nkhope za mabwana. Vayolini anaiphunzira mwangozi, poperekeza mwana wa madamu kwa mphunzitsi. Mwanayo anagwa ulesi, Maliyamu n'kutola.

Lachisanu lililonse masana ankaimba vayolini m'kagulu ka zoimbaimba ka anamwino, madalaivala ndi aphunzitsi, anthu okoma mtima amene akaphonya ankangoseka n'kugawana masamusa. Wowatsogolera anali a Geofrey, bambo aimvi a ku Chipata, ndipo lamulo lawo linali limodzi: "Muzindiyang'ana!"

Awayang'ane bwanji, mwamuna, wamkulunso? Maliyamu anapeza yake njira. A Geofrey ankaponda phazi motsatira nyimbo, ndiye iye, zaka ziwiri zathunthu, ankangotsatira nsapato yawo yakumanja, poganiza kuti palibe akudziwa. Zinkayenda ndithu, mpaka pakonsati yawo yoyamba anampatsa kachigawo koti onse akakhala chete, iye ayambitse yekha.

Tsikulo atalowa muholo, thupi lonse linazizira. Wina anali atandandalitsa miphika ya maluwa kuzungulira poimirira a Geofrey. Nsapato osaoneka ngakhale pang'ono.

"Achemwali, muli okay?" anafunsa Eveless, namwino woyandikana naye mpando.

"Ndi AC-yu basi," ananama.

Nyimbo zoyambirira anabisala mwa anzake, kumangoonera mauta awo oimbira vayolini. Koma kachigawo kaja kankayandikira, manja atanyowa, uta ukuterereka. Akachedwa kulowa achititsa manyazi gulu lonse, chinyengo chakenso chiululika. Anachita mantha zedi.

Kenaka zii. Holo yonse ikudikira iye. Anasuzumira m'maluwa muja, masamba okhaokha. "Bismillah," ananong'ona, nadzutsa mutu.

Anapeza a Geofrey akumuyang'ana kale, kandodo kawo kotsogolera nyimbo kali m'mwamba, nkhope ili thukuta kamukamu. Kani nawonso anali ndi mantha! Maso atakumana a Geofrey anamwetulira, n'kugwedeza mutu pang'ono, Maliyamu n'kukoka uta.

Potuluka anapeza a Geofrey akumudikira pakhomo. Maso ake anathawiranso pansi, pansapato ija.

"Amai," anatero a Geofrey, "maluwa yaja n'naika ndine. Two years nipolisha nsapato chifukwa cha imwe. Nalema."